Foni imene ndinazimitsa pa msewu wa ku Makanjira

Ku Mangochi kuno ndinabwera ngati mphunzitsi kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo ndinkati ndikhalako zaka ziwiri basi, chifukwa kutentha kwake sindinkagwirizana nako. Pano ndinapuma ntchito, mutu wayera, koma ndikadali konkuno. Dzina langa ndine Gilford. Nkhaniyi si ya ine ayi, ndi ya mnzanga Che Atumani a kwa Mponda, kungoti wolakwa m'nkhanimo ndine, ndipo sindibisa.

Che Atumani ndi okonza njinga zakapalasa. Ali ndi kamsasa ka malata atatu m'mbali mwa msewu, beseni la madzi akuda loyeseramo machubu, ndi bokosi la masipanala limene salola munthu wina kupisamo dzanja. Ndi bambo wamfupi, wouma thupi, wosowa mano awiri kutsogolo. Tsiku loyamba kupita nayo njinga yanga kwa iwo anaizungulira kawiri, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndinachita kugula kapena ndinaitola pamalo a ngozi. Ndinapsa mtima, paja ine ndine wamtima wapachala, koma njinga anaikonza bwino moti ndinabwereranso. Kuyambira pamenepo tinakhala anthu amodzi, ine Mkhristu wa kumapiri, iwo Msilamu wa kunyanja, kuseleulana tsiku ndi tsiku ngati pachisuweni.

Anabadwira ku Makanjira, ndipo ali mnyamata anali msodzi. Usodzi anausiya chaka chimene mng'ono wawo anamira ndi bwato pa mphepo ya mwera, thupi osapezeka. Anandiuza kamodzi kokha kuti mayi awo anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akufunsa asodzi ngati aonako kanthu, mpaka anamwalira alibe malo oti n'kuloza kuti mwana wanga wagona apa. Atakwatira kwa Mponda anaphunzira za njinga, ndipo kunyanja sanabwererenso.

Mwina n'chifukwa chake ntchito imene anthu amawadziwa nayo kwenikweni ndi ya kumanda. Kukagwa maliro, woyamba kuitanidwa ndi iwo. Amatseka bokosi la masipanala, kutenga khasu ndi chingwe choyezera, n'kukatsogolera okumba. Manda a Asilamu si dzenje wamba. Pansi pake, cham'mbali, amabowola kachipinda kogonekamo thupi, ndipo kachipinda kameneko Che Atumani sasiyira munthu. Thupi likafika litakulungidwa m'nsalu yoyera, amatsikira m'dzenjemo n'kulilandira ndi manja awo, kuligoneka cham'mbali, kumasula mfundo za nsaluyo. Salandirapo kanthu. Achita zimenezi zaka zoposa makumi atatu, ndipo ana awo awiri anawagoneka okha momwemo.

Akazi awo, mayi Alima, ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi kamsasako. Anali mayi wathupi, wokonda nthabwala, koma ankavutika ndi kuthamanga kwa magazi. Mutu ukawagwira ankagona tsiku lathunthu atamanga mpango. Tsiku lina ndili pomwepo, amuna awo akungofika kumene kuchokera kumanda, miyendo ili mbuu, mayiwo anati: "Inu mwatsitsa mudzi wonse. Ine musadzandisiyire anyamata anu a manja olimba aja, adzandiponya ngati thumba la makala." Tonse tinaseka, kupatula Che Atumani. Iwo anati Mulungu akadzawasunga ndi moyo, palibe munthu wina adzalandire akazi awo m'dzenje koma iwo eni. Ndinamva ndi makutu angawa.

Za ulendo wa ku Makanjira anayambitsa ndi iwo. Akulu awo, Che Abudu, amakhala komweko, ndipo kwa zaka zambiri Che Atumani ankanena kuti akufuna adzapiteko pa njinga, kupalasa okha, osati kupanikizana pa lole ndi matumba a ufa. Ine ndinalonjeza kuwaperekeza poganiza kuti ndi nkhambakamwa chabe. Chaka chatha mu Novembala, mvula isanagwe, anabwera kunyumba n'kunena kuti matayala atsopano agula, tinyamuka Lolemba. Popita tinayenda masiku awiri. Tinakhalako masiku atatu. Pobwerera anati tiyenda tsiku limodzi, makilomita oposa zana, chifukwa akunyumba anali atawasowa. Foni yawo anaisiya kwa mayi Alima kuti kukachitika kanthu aimbe pa yanga.

Tinanyamuka kukungocha. Msewu wa kumeneko amene mukuudziwa mukuudziwa: mchenga, miyala, timilatho togumuka, ndi fumbi lolowa mpaka m'mano. Pa kaliyala ya Che Atumani panali kathumba ka mpunga ndi mkeka watsopano umene alamu awo, akazi a Che Abudu, analukira mayi Alima. Ankapalasa patsogolo akuimba nyimbo za Chiyao, n'kumacheuka kundifunsa ngati anthu a ku Dedza miyendo tinapatsidwa yongokumbira mbatatesi.

Cha m'ma 9 koloko tinafika pamtsinje wina wouma. Tinakankha njinga pamchenga n'kukapuma tsidya linalo pansi pa mtengo wa mango, ndipo iwo anatenga zigubu zathu kukapempha madzi panyumba ina chapatali. Apo foni yanga inalira, nambala ili ya foni yawo ija. Ndinayankha mwanthabwala, kuti alamu musadandaule, mdala wanu sanathawe ndi mkazi wina. Koma mawu anali a mwamuna. Anali Bakali, mlongo wawo wa mayi Alima, amene ndiye mwini mbumba pabanjapo.

"Aphunzitsi, achemwali atisiya m'mawa uno. Anagwa akusesa pabwalo. Auzeni alamu asiye njinga, akwere yamoto. Tiwadikira mpaka swala ya alasiri, kupitirira apo sitingathe."

Alasiri ndi pemphero lawo la masana, ikangodutsa 3 koloko. Ndinamva zonse bwinobwino, sindinganame kuti netiweki inadula mawu. Panali maola asanu ndi limodzi, ndipo pa njinga yamoto ulendowo sukwana maola atatu.

Tsono mvetsani mmene ndinaganizira, ngakhale sindikupempha kuti mundikhululukire. Kwathu uthenga wa imfa sauponya kwa munthu ali panjira. Bambo anga atamwalira ndili ku koleji, amalume anabwera kudzanditenga n'kungoti mdala sakupeza bwino. Tinayenda tsiku lonse, ndinadziwa nditamva kulira pakhomo. Ndipo thupi linandidikira, linadikiranso mlongo wanga wa ku Mzuzu mpaka tsiku lachitatu, chifukwa kwathu saika munthu ana ake asanafike. Umenewo ndiwo ulemu umene ndinakula nawo. Ndinayang'ana tchire lotizungulira, ndinaganiza za mdala wa zaka 63 atagwa pamchenga chifukwa cha pakamwa panga, kopanda chipatala, kopanda mbale. Za alasirizo ndinati ndi mawu chabe ofulumizitsa anthu. Mkazi angaikidwe bwanji mwamuna wake ali panjira? Zaka zonsezi ndinkaona maliro a Asilamu akudutsa pasukulu tsiku lomwelo munthu wamwalira, koma mumtima ndinkati ndiye kuti abale onse anali pafupi. Sindinafunsepo ngakhale kamodzi. Safunsa anadya phula.

Che Atumani atabwera ndi madzi ndinawauza kuti kwaimbidwa foni, alamu sakupeza bwino, tiyeni tifulumireko. Anaima kaye, n'kufunsa ngati ndi mutu uja. Ndinati eya, ndi mutu. Anausa moyo, nati akamwa mapiritsi awo n'kugona zimatha, madzulo tikawapeza akukazinga zitumbuwa. Anapempha foni kuti amveko mawu awo. Ndinali nditaizimitsa kale m'thumba. Ndinaitulutsa, kuwaonetsa galasi lakuda, n'kunena kuti moto watha.

Ndinayesa kutchula za njinga yamoto. Anandiseka mpaka kugwira m'mimba. Munthu wokonza njinga amangirire njinga yake kumbuyo kwa yamoto ngati mbuzi yopita kumsika, chifukwa cha mutu? Anati ngati miyendo yandithera ndingonena, andikoka ndi chingwe. Kenaka anagwetsa mango anayi ndi mwala n'kundipatsa awiri. Ndipo ine ndinadya.

Kuchoka apo dzuwa linachita kulusa. Ndinkapalasa ngati wamisala kuti mwina tingafike, ine amene m'mawa ndinkatsalira, ndipo iwo ankakuwa kumbuyo kuti aphunzitsi chakulumani n'chiyani. Njinga zamoto zinkatidutsa, eni ake akuliza hutala kufunsa ngati tikufuna kukwera. Ina ikadutsa ndinkati ikubwerayo ndiimitsa, ndiwauza zoona. Ikabwera ndinkaweramitsa mutu.

Dzuwa lili paliwombo tinafika pakamsika kena tisanafike ku Lungwena, ndipo anati aswali kaye. Anavula nsapato, kusamba m'manja ndi kumaso, n'kulowa mumzikiti. Ine ndinapita kuseri kwa golosale n'kuyatsa foni. Bakali anali ataimba kasanu ndi kawiri. Ndinamuimbira, ndinamuchonderera kuti adikire mpaka mawa m'mawa, mwamuna adzaoneko nkhope ya mkazi wake. Anandiyankha modekha ngati akulankhula ndi mwana wa sitandade wani, kuti kwa iwo kuchedwetsa womwalira ndi kumuzunza, kuti amayi amaliza kale kusambitsa, okumba ali kumanda, ndipo kutenthaku ndikukuona ndekha. Kenaka anafunsa ngati alamu ake ndawauza.

Ndinati ndawauza.

Anati basi, kwerani yamoto pomwepo, nthawi ikadalipo, mufika. Ndipo inalipodi. Kutsogolo kwa golosaleyo kunali njinga zamoto zitatu, eni ake atakhala pamthunzi akusewera bawo. Ndinazimitsanso foni, ndinakaima pakhomo pa mzikiti mawu nditawakonza pakamwa. Che Atumani anatuluka nkhope itawala, n'kundiuza kuti awapempherera akazi awo kuti mutuwo uleke, ndipo tsopano mtima wawo wakhala pansi. Ndikanati chiyani? Kuti bambo, mwapempherera mutu wa munthu wakufa, ndipo ine ndakhala ndikudziwa kuyambira m'mawa? Bodza la m'mawa lija linali la ulemu. La masanali linali la mantha basi, mantha a ine mwini, kuopa maso awo. Ndinati tiyeni tizipita.

Titangodutsa Lungwena tinapeza bambo wina atakhala m'mbali mwa msewu, njinga yake yodzaza nkhuni itagona pansi, tcheni chitaduka. Ndinati musiyeni, tachedwa. Che Atumani anandiyang'ana modabwa, nafunsa kuti kuyambira liti munthu amadutsa mnzake ali pamavuto panjira. Anamasula kachikwama ka zida, anakhala pansi, n'kuyamba kukhoma kapini ndi msomali ndi mwala, pang'onopang'ono, monga amachitira nthawi zonse. Ndinawakalipira. Ndinalankhula mawu oipa, kuti ntchito zaulerezi n'zimene zawasaukitsa. Anangoseka n'kumuuza mwini nkhuniyo kuti mnzangayu njala ikamugwira amaluma. Awiriwo anaseka, ndipo ntchitoyo inatenga pafupifupi ola lathunthu.

Kenaka tinafika ku Malindi. Tikudutsa pafupi ndi mzikiti wina, mawu oitanira anthu ku swala anamveka pa chimkuzamawu. Sindinafune kufunsa kuti ndi swala yanji. Anandiuza okha kuti imeneyo ndi alasiri, koma akaswalira kunyumba popeza tatsala pang'ono, ndipo akufuna akaone kaye wodwala. Ine ndinatsika panjinga, ndinapita kuseri kwa mtengo n'kuyamba kusanza. Anandisisita pamsana, kundimwetsa madzi awo otsala, n'kunena kuti alakwa kundiyendetsa ulendo wotere pa msinkhu wanga. Anandipepesa. Iwo kupepesa ine.

Makilomita otsalawo sindiwakumbuka bwino. Ndikukumbuka mlatho wa pa Shire, ndi mayi wina wogulitsa nsomba amene anatiyang'ana n'kugwira pakamwa. Ndikukumbukanso kuti titakhota kulowera kwa Mponda, anthu amene masiku onse amakuwa kuti Che Atumani mwabwerako ankangopatuka, maso pansi. Iwo anasiya kuimba.

Pakhomo pa mzikiti wawo panali chonyamulira maliro chija amati jeneza, chitatsamira khoma, madzi akudontha, atangochitsuka kumene. Anafinya mabuleki. Anati kodi watisiya ndani, nanga kachipinda kaja wabowola ndani ine kulibe. Sankafunsa ine, ankangolankhula okha. Kenaka anayang'ana kunjira ya kunyumba kwawo. Anaona amayi atadzaza pabwalo, amuna atakhala pamikeka pansi pa mtengo, ndi Bakali akubwera kudzakumana nafe. Njinga anaitaya, mpunga n'kumwazika pamsewu.

Sanalire mokuwa. Ananena mawu awo aja a Chiarabu amene amanena pa imfa, kawiri, n'kufunsa ngati aika kale. Bakali anati aika. Anati iwo anadikira mpaka swala itatha, anawonjezeranso theka la ola akuyang'ana kumsewu. Che Atumani sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatembenuka kulunjika kumanda wapansi, Bakali pambuyo pawo, ine pambuyo pa Bakali, ngakhale panalibe amene anandiitana.

Mtumbira unali wa dothi lofiira, lachinyezi, pafupi ndi ana awo awiri aja. Anauzungulira kawiri. Anafunsa kuti m'dzenje analowamo ndani, Bakali n'kutchula mayina a anyamata atatu. Anafunsa ngati anawagoneka pang'onopang'ono, ngati anamasula mfundo ya kumutu, ngati kachipindako sikanali kothina, pakuti mayi Alima anali ndi thupi. Bakali ankangoti eya, eya. Kenaka anawonjezera, osati mwaukali, kuti iye sakumvetsa chimene chinatichedwetsa, popeza aphunzitsi anawauza m'mawa, ndipo masana aphunzitsiwo anati uthenga wafika.

Che Atumani anatembenukira kwa ine. Pa moyo wanga ndayang'anidwapo ndi mahedimasitala, apolisi ndi makolo okwiya, koma apo ndinalakalaka nthaka itandimeza.

"Aphunzitsi, munamva nthawi yanji?"

"Pamtsinje wouma paja."

"Tisanadye mango?"

"Tisanadye."

"Foni inali ndi moto?"

"Inali nawo."

Ndinayamba kufotokoza za kwathu, za bambo anga, za ulemu, kuti ndinkaopa angagwe kutchire. Anakweza dzanja pang'ono, kundidula mawu.

"Ndiye kuti Alima akusambitsidwa kuno, ine ndimaseka uko. Manda ake akukumbidwa ndi ana, ine ndikukhoma tcheni cha munthu wosamudziwa. Inu mukungondiyang'ana."

Zinalidi momwemo. Anagwada pambali pa mtumbirawo. Anyamata aja anali atauunjika mopendekeka, mbali ina yokwera, ina yotsika, zibuma osaphwanya. Anayamba kuphwanya zibumazo ndi zala chimodzichimodzi, kukankha dothi ndi zikhatho, kusalaza kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Bakali anafuna kuthandiza, anamukaniza. Pa ntchito yonse imene analonjeza akazi awo, imene inawatsalira inali yomweyo, ndipo anaigwira okha mpaka mtumbira unawongoka.

Papita chaka tsopano. Kamsasa kakadalipo, ndipo kukagwa maliro amatsekabe bokosi la masipanala n'kutenga khasu. Sananditukwanepo, sanandithamangitsepo. Ndikapita amandipatsa moni waulemu n'kundikonzera njinga bwinobwino. Koma kuseleulana kuja kunatha. Sanenanso za mbatatesi kapena za miyendo ya anthu a ku Dedza, ndipo zimenezi zimandiwawa moti bola akanandimenya ndi sipanala. Mwezi watha, akupopa tayala langa, analankhula osadzutsa mutu.

"Aphunzitsi, tsiku langa likadzafika, inu musadzatumidwe kukauza munthu. Mudzangobwera, ndipo mudzafulumire. Kuno sitidikira."

Kenaka anafinya tayalalo ndi chala, nati lakhuta, ndizipita.